Mawotchi Awiri a Nambewe

A Nambewe anamwalira Lachiwiri masana, atangomaliza kukangana ndi dokotala. Nkhani yake inali ya diripi. Dokotalayo, wachinyamata komanso waulemu wake ndithu, ankati madzi akulowa m'thupi monga mmene iye analembera. Iwo ankati ayi, akuchedwa. Anali atawerenga madontho kwa mphindi zisanu, ndipo sanaone chifukwa choti munthu wobadwa dzana awatsutse. Dokotala atafufuza, anapeza kuti kachubu kanali katapindika kunsi kwa bulangete. Anapepesa. Iwo anamuuza kuti kupepesa n'kwabwino, koma kuwerenga n'koposa. Patapita maola awiri anatisiya.

Sabata ino chakwana chaka. Pa maliro anthu anayankhula zambiri zokoma, zoti anali mayi wofatsa, wodzichepetsa, wosakonda mikangano. Ine ndinkangoyang'ana bokosi, kudikira kuti mwina chivundikiro chitseguka. A Nambewe sanali wofatsa, ndipo akanakhala moyo akanawauza anthu amenewo kuti akhale pansi.

Ndinawadziwira ku mapemphero a Amalawi amene timachita Lamlungu masana mu holo ina ku Nechells, kuno kudziko la azungu, pakati pa mafakitale ndi nyumba za khonsolo. Ndinali nditangobwera kumene kudzagwira ntchito ya unesi. Anandipeza pa tebulo la tiyi: mayi wamfupi, wa imvi zometa, atavala duku labwino ndi jekete lachimuna lothimbirira m'mikono.

"Ndiwe mwana wa kwa yani?"

Ndinatchula dzina langa la m'pasipoti.

"Limenelo ukawauze a ku wodi. Ine ndikufunsa mfunda."

"Nachisale."

"Eya. Nanga iwe Nachisale, tayala umatha kusintha?"

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke. Loweruka lotsatira ndinali chogwada kuseri kwa nyumba yawo ku Longbridge, jeke ali m'manja, iwo ataima pambali ndi wotchi. Zinanditengera mphindi makumi awiri ndi zinayi. Anati si zoipa kwenikweni kwa munthu wopita ku koleji.

M'makalata a boma anali Edina Tranter, koma pakati pa Amalawi ankakana kutchedwa Anti Edina. Ankati dzina la ubatizo komanso la amuna awo, onsewo anali a azungu, ife tiziwatchula monga ankawatchulira kwawo ku Ntcheu. Bambo awo anali dalaivala wa lole yonyamula fodya, ndipo mwana amene ankawagwirira sipanala anali iwowo, chifukwa azichimwene awo onse ankaopa girisi.

Nyumba yawo yeniyeni inali galaja. M'nyumba ankangogonamo ndi kuphikamo. M'galajamo munali kagalimoto kobiriwira kakalekale, kopangidwa pa fakitale ya pafupi pomwepo isanatsekedwe. Pamene panali fakitaleyo lero pali masitolo ndi timanyumba tofanana ngati mazira, koma iwo akamadutsapo ankaloza malo ogulitsira khofi n'kunena kuti apa ndi pamene amuna awo, bambo a Pamela, anapsera dzanja. Kukhoma kunali mashelefu odzaza ndi zitini zathyathyathya za mafilimu. Ambiri anajambula ndi amuna awo, malemu a Derek, ndi kakamera kam'manja. Ena anachita kugula m'misika ya kaunjika, kwa ana amene ankataya katundu wa makolo awo osadziwa chimene akutaya.

Onse anali mafilimu a mpikisano wa magalimoto, koma osati uliwonse. Mpikisano wa maola awiri ankati ndi masanje. Wawo unali uja woyamba masana a Loweruka n'kudzatha masana a Lamlungu, galimoto yosapuma, madalaivala awiri akusinthana, mvula igwe kaya isagwe. Wopambana ndi amene koloko ikamakwana wazungulira bwalo kambirimbiri kuposa anzake. Ankakonda kwambiri mafilimu akale a ku France, mmene madalaivala ankandanda tsidya lina la msewu, mbendera ikatsika n'kuthamanga wapansi kukalowa m'magalimoto awo. Zimenezo iwo sanazione ndi maso, anapeza zitaletsedwa, ndipo ankadandaula ngati munthu amene wafika pa ukwati nyama itatha.

Mafilimu a amuna awo analibe mawu. Pulojekita inkangolira kuti tcheketcheke, ndiye phokoso la injini ankalipanga okha ndi pakamwa. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, atakhala pa mpando wa pulasitiki, kapu ya tiyi ili pa bondo, akubangula ngati mkango, kutsitsa mawu galimoto ikafika pokhota, kuwakweza ikawongoka. Galimoto iliyonse inali ndi liwu lake, ndipo ukayesa kuwathandiza ankakudula kuti imeneyo si ya masilinda anayi. Tsiku loyamba ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Pofika chaka chachiwiri ndinali nditayamba kuzindikira magalimotowo pongowamva iwo.

Mwambi woti kuthamanga sikufika ankadana nawo akaumva pakamwa pa munthu waulesi. Ankati ofikawo amathamanganso, kungoti amadziwa pochepetsa. Ankanenanso kuti galimoto siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula, koma eni ake amakweza wailesi. Zomwezo ankanena za odwala, za maukwati, ndi za anthu amene timawaona akumwetulira ku mapemphero pamene mashifiti akuwadya. Magalimoto a magetsi sankafuna n'kuwamva komwe, ndipo vuto lake linali lomwelo, loti samveka. Ankati chinthu choyenda mwakachetechete chotero kwathu timachidziwa dzina lake.

Sanali wophweka kukhala nawo. Mtsikana wina wa ku yunivesite anamuliritsa pamaso pa anthu chifukwa chofika mochedwa ndi mphindi khumi pa tsiku limene anamulonjeza kumuperekeza ku intavyu. Atamuliritsa anamuperekezabe, n'kumudikira panja maola awiri m'chisanu. Kupepesa sankadziwa. Akakulakwira ankabwera kudzakuyang'anira oyilo.

Mkangano wawo wotchuka unali ndi a Chikafa, mkulu wa mpingo wathu, amene amakhala ku Coventry. Chaka chilichonse, Lamlungu limene kumachitika mpikisano wa usana ndi usiku ku Belgium, a Nambewe sankabwera ku mapemphero. Ankatsegula chitseko cha galaja, kukazinga mandasi, n'kuonetsa mafilimu kwa aliyense wofuna. Chaka china anthu asanu ndi anayi anajomba nawo, ndipo a Chikafa anaona kuti nkhaniyi yafika poti akacheze nawo. Ndinalipo, ndikutsuka makapu.

"Amayi," anayamba motero a Chikafa, mwaulemu wonse, chipewa atavula, "pa msinkhu wanu uno, komanso monga mayi wamasiye amene atsikana akuonerapo, zinthu za dziko ngati izi zikadachepako."

"Bambo Chikafa, amene analenga khutu ndi yemweyo analenga chitsulo. Masabata onse a chaka ndimakamutamanda kwanu ku holo. Limodzi lokha ndimamutamandira muno. Akadandaula andiuza yekha."

A Chikafa anatsegula Baibulo. A Nambewe anawasiya awerenge mpaka kumaliza, n'kuvomera amen. Kenako anati, "Koma galimoto yanuyo, mmene mumaimika paja, yalira mwachilendo. Pampu ya madzi yatha. Musabwerere nayo ku Coventry."

"Yangochoka ku sevisi mwezi wathawu, amayi."

"Ndiye kaya."

Galimotoyo inakawira pa msewu waukulu, utsi uli tolotolo, a Chikafa ndi suti yawo ataima m'mphepete kudikira chithandizo. A Nambewe anakhala chete Lamlungu loyamba. Anakhala chete lachiwiri. Lachitatu, nthawi ya zolengeza, anaimika dzanja n'kufunsa mwaulemu ngati abale angakumbukire m'mapemphero mkulu wathu amene masiku ano akuyenda pa basi.

Kuno anabwera ali mtsikana, kudzaphunzira unesi, nthawi imene odwala ena ankabisa mkono kunsi kwa bulangete akaona kuti nesi wake ndi wakuda. Ankati iwo sankachonderera. Ankangoima pambali pa bedi, wotchi ili m'manja, mpaka mkonowo utuluke wokha. A Derek anabwera mu wodi yawo ndi dzanja lopsa. Anali makanika pa fakitale, ndipo kumapeto kwa sabata ankakonza galimoto ya mpikisano ya mzungu wina wa ku Coventry, mwini galaja, amene anali ndi timu yakeyake yaing'ono. Amayi a Derek sanabwere ku ukwati. Bambo a Nambewe anatumiza kalata kuchokera ku Ntcheu yokhala ndi funso limodzi lokha, lofuna kudziwa ngati mzunguyo amaidziwadi injini kapena amangoipukuta.

Pa mpikisano woyamba umene anapita kukaonerera, mvula inagwa, ndipo mphwake wa mwini timu, amene ankalemba nthawi, anasokonezeka n'kuyamba kufufuta. A Nambewe anamulanda pensulo. Sanaibwezenso kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Ntchitoyo anandifotokozera kambirimbiri. Masiku amenewo kunalibe kompyuta yokuwerengera. Timu iliyonse inali ndi munthu wokhala pa khoma la m'mphepete mwa msewu, mawotchi awiri m'manja, kope pa ntchafu. Galimoto yanu ikadutsa, umaimitsa wotchi imodzi, kuyambitsa inayo, kulemba nthawi, kwinaku ukulembanso manambala a magalimoto ena onse odutsa kuti udziwe amene ali patsogolo ndi amene ali pambuyo. Madalaivala ankasinthana, amakanika ankagona mosinthana, koma wa pa khoma ankakhala pomwepo. Ankati unesi unawaphunzitsa zinthu ziwiri zofunika pa ntchitoyo: kusagona ndi kusamwa madzi ambiri.

Zonsezi ndinkazimva ngati nkhani za achikulire, zokoma koma zakutali, mpaka tsiku la ku Coventry.

Panali patatsala zaka zinayi kuti amwalire. Gulu lina la anthu okonda magalimoto akale linapeza filimu imene munthu wa ku Belgium anajambula chaka china kalekale pa mpikisano wa kumeneko, ndipo linalengeza kuti liionetsa mu holo ina Loweruka masana. A Nambewe anandiimbira foni.

"Nachisale, Loweruka usatenge shifiti. Uvale bwino."

Anayendetsa okha kagalimoto kobiriwira kaja. Anavala diresi la chitenje la pa zikondwerero, ndipo chikwama chawo chinkaoneka cholemera. Mu holomo munali azibambo achizungu a imvi okhaokha, akuda tinali awiri basi. Pakhomo anatipatsa kabuku konena za matimu a m'dera lino amene anapikisana nawo chaka chimenecho. A Nambewe anavala magalasi, kutsegula, kufufuza ndi chala. Chala chinaima. Anandisonyeza mzere wake. Pansi pa galimoto nambala 27 panalembedwa mayina a madalaivala, la makanika Derek Tranter, kenako la wosunga nthawi: bambo E. Tranter.

Magetsi anazimitsidwa. Filimuyo inalibe mawu, choncho wapampando wa gululo, bambo wamtali wa ndevu zapamlomo zoyera, ankafotokoza pa maikolofoni. Tinaona nkhalango ya mitengo italiitali, msewu wotsetsereka wonyezimira ndi mvula, magalimoto akutulutsa nkhungu kumbuyo. Kenako kamera inayenda m'malo okonzera magalimoto, n'kuima pa nambala 27. Pa khoma panakhala mtsikana wakuda, atamira m'chijasi cha mvula chomukulira, mutu uli pansi akulemba. Anadzutsa nkhope kamodzi, kuyang'ana kamera ngati ikumutayitsa nthawi, n'kuweramanso. Kayang'anidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndinali nditakalandirapo kambirimbiri.

Wapampando anati dona ameneyu anayesetsa kumufufuza koma palibe amene akumudziwa. Anati mwina anali mtsikana wa ku Congo amene timu inamulemba ganyu komweko kuti aziwaphikira tiyi anyamata. Ena anaseka pang'ono.

"Imitsani filimuyo."

Anayankhula m'Chingerezi, mosakuwa, koma ndi liwu lija la sisitala wa mu wodi limene limaimitsa ngakhale dokotala wamkulu. Filimu inaima. Ananyamuka, ndodo ili gogodo, gogodo, mpaka kutsogolo. Ine ndinatsalira pa mpando, ndikupemphera kuti pansi patseguke.

"Bwezani m'mbuyo pang'ono. Basi, pomwepo." Analoza ndi ndodo m'manja mwa mtsikana uja. "Kwanu kuno tiyi mumaphika ndi mawotchi awiri?"

Wapampando anakonza kukhosi. Anati, mwaulemu wonse, zolembedwa za timu zikusonyeza kuti wosunga nthawi anali bambo E. Tranter, mwina Eric kapena Edward, ndipo akuganiza kuti anali mchimwene wake wa makanika.

"Derek analibe mchimwene. Anali ndi mkazi. E ameneyo ndi Edina. Ndine."

Bamboyo anamwetulira, kumwetulira kuja kumene ife a ku chipatala timapatsa agogo amene asokoneza tsiku. Anati n'zosangalatsa kwambiri, ndipo angakonde kucheza nawo filimu ikatha. Ananenanso kuti papita zaka zambiri, ndipo tonsefe zinthu timazikumbukira mosiyanasiyana.

Apo ndi pamene a Nambewe anatsegula chikwama. Anatulutsa kope lachikuto chakuda, lotupa chifukwa chonyowapo kale, n'kuliika pa tebulo kuti phaa. Pamwamba pake anaikapo mawotchi awiri achitsulo.

"Ine sindikumbukira, bambo. Ndinalemba. Kabuku kanuka kakuti m'mawa wa Lamlungu mwini timu anaitanitsa galimoto mwanzeru kuti aione mabuleki. Filimu yanuyi sindinaionepo, koma ngati wojambulayo anali pomwepa, muona munthu wa kapusi akuiponya pansi n'kuiponda. Ameneyo ndi mwini timu. Munthu amene wachita zanzeru saponda chipewa chake."

Ndiye anawauza mmene zinakhalira, ataima chomwecho kutsogolo, maikolofoni atawalanda. Kutacha Lamlungu lija, galimoto yawo inali pa nambala yachitatu m'gulu la magalimoto ang'onoang'ono, malo amene timuyo inali isanawalotepo. Koma kope linayamba kuwauza zina. Ulendo uliwonse wozungulira unkatalika ndi sekondi imodzi, kenako ziwiri. Injini inkalira bwinobwino powongoka, choncho vuto silinali injini. Atatchera khutu anamva kuti dalaivala akutsitsa magiya msanga asanafike pokhota, ngati munthu amene sakuwakhulupiriranso mabuleki ake koma akuchita manyazi kunena. Anamuuza mwini timu kuti aiitanitse. Iye anati kwatsala maola atatu okha, palibe choimitsira galimoto, ndipo iwo ntchito yawo ndi pensulo. Anamuuzanso kachiwiri. Anawatembenukira msana.

A Nambewe anatsika pa khoma, kutenga bolodi limene ankauzira dalaivala zochita, kuikapo chizindikiro choti alowe, n'kulitukula okha ndi manja awiri. Dalaivala analiona ndipo analowa. A Derek atakwawira kunsi anapeza paipi ya mabuleki itakhuzika mpaka kuboola, mafuta ake akudontha. Akanangozungulira kamodzi kapena kawiri, akanatsika chitunda chija pakati pa mitengo alibe choimira. Kukonza kunatenga nthawi yaitali. Anamaliza mpikisano ali omalizira pa onse amene anafika kumapeto.

"Koma tinafika," anatero. "Mwini timu sanandiyankhule kuchokera ku Belgium mpaka kuno, pa sitima yapamadzi ponse. Dalaivala uja anali mlimi. Chaka chilichonse ankandibweretsera thumba la mbatata mpaka tsiku limene anamwalira ali nkhalamba, pa bedi pake. Tsopano pitirizani filimu."

Anaipitiriza. Patapita mphindi zingapo tinaona galimoto nambala 27 ikulowa, amakanika akuithamangira, ndipo kumbuyo kwawo bambo wonenepa anavula kapusi, kuiponya pansi, n'kuiponda kawiri. Holo yonse inaphulika. Azibambo aja anaimirira, kuwomba m'manja, ena akupukuta m'maso. A Nambewe anatukula dzanja ngati wapolisi wa pamsewu.

"Sindinabwerere m'manja. Ndabwerera kabukuka."

Pobwerera, titangotuluka mu Coventry, anapatutsa galimoto n'kuimika m'mphepete. Anazimitsa injini. Ndinaganiza kuti ndi mkwiyo wa nkhani ya tiyi ija, ndiye ndinayamba kuwatonthoza kuti anthu aja achita manyazi.

"Za tiyi n'zachabe, Nachisale. Tiyi ndawaphikiradi azungu ambiri." Anatembenukira kwa ine. "Wawaona bambo a Pamela?"

Sindinawaone. Anati ndi amene anakwawira kunsi kwa galimoto, wa ovolosi yong'ambika paphewa. Mafilimu onse a timu yawo a m'galaja anajambula ndi a Derek omwewo, ndiye sanaonekemo ngakhale m'modzi. Zaka khumi ndi zisanu chiwaikireni m'manda, aka kanali koyamba kuwaona akuyenda. Analira pang'ono, mokwiya, ngati misoziyo yawalakwira. Kenako anamina, kuyang'ana pagalasi, n'kulowa mumsewu osapatsa mpata lole imene inkabwera.

Gulu lija linawatumizira filimuyo pa disiki, ndipo linapempha kope lija kuti likasungidwe m'nyumba yawo ya zinthu zakale. Iwo anati ayambe akonza kabuku. Anayankhidwa kuti timabuku tinasindikizidwa kale tambiri, komiti iyenera kukumana kaye. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse nthawi ya teni koloko m'mawa ankaimbira foni wapampando uja, kumupatsa moni, kumufunsa za umoyo wa akazi ake, n'kumufunsa ngati komiti yakumana. Anachita zimenezi miyezi isanu. Potsiriza kunabwera envelopu. M'kabukumo, pa mzere uja, anamatapo kapepala kolembedwa kuti mayi Edina Tranter. A Nambewe anakakanda ndi chikhadabo pakona, n'kuona kuti bambo E. akadali kunsi.

"Chigamba," anatero. "Andimata chigamba."

Kope sanawapatse.

Amene ankalimbana nawo kwambiri anali mwana wawo yekhayo, Pamela. Iye anakulira m'mabwalo a mpikisano, kuzizidwa m'galimoto podikira makolo, ndipo mpaka lero fungo la petulo limamudwalitsa mutu. Anandiuzapo kuti ali mwana ankadziona ngati wachitatu m'banjamo, mawotchi awiri aja ndiwo anali oyamba. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo mikangano yawo inkayenda choncho, zinenero ziwiri zikugundana m'khitchini. Pamela ankafuna kuti mayi ake asiye kuyendetsa galimoto, agulitse nyumba, akakhale ku malo osamalirako okalamba kufupi ndi kwa iye. Tsiku lina anabisa makiyi. A Nambewe anamudikira achoke, kutulutsa ena m'chitini cha ufa, n'kupita kukamupeza kuntchito kwake kuti amufunse ngati wataya kanthu.

"Mami, mudzapha munthu," anatero Pamela m'Chingerezi, akulira.

"Tsiku limene ndidzayambe kuchedwa ndidzadziwa ine iwe usanadziwe."

Ndipo zinaterodi. Chaka chotsatira, pobwera kogula zinthu, anafika pa raundabauti ya pafupi ndi kwawo n'kupeza kuti phazi lafika pa buleki mochedwa. Palibe chinachitika, palibe amene anaimba hutala, mwina palibe amene anaona. Anafika kunyumba, kulowetsa galimoto m'galaja, n'kusonkhanitsa makiyi onse, magulu atatu, kuwaika mu envelopu. Sanayendetsenso. Ine anandiuza tsiku lomwelo, koma anandilumbiritsa kuti Pamela asamve mpaka patapita mwezi, kuopa kuti angaganize kuti wapambana.

Nyumba ija yagulidwa tsopano. Loweruka lapitali Pamela anandipempha kuti ndikamuthandize kutsuka komaliza asanapereke makiyi kwa ogulitsa nyumba. Galimoto anaipereka kwa mdzukulu wa dalaivala uja wa mbatata. Zitini za mafilimu, kope ndi mawotchi zili kwa iye, m'chipinda chogona alendo. Gulu la ku Coventry lalemba kale makalata awiri, ndipo iye wawayankha kuti akasindikiza kabuku katsopano ndiye adzaonana.

M'galaja mulibe kanthu. Ndi yaikulu kuposa mmene ndinkaiganizira. Mashelefu anachotsedwa, pangotsala mabowo a misomali m'mizere, ndipo ukayankhula mawu amabwerera. Kuwala kumalowera pa kawindo kamodzi kakumwamba n'kugwera pa simenti. Pakati penipeni pa simentiyo pali banga la oyilo, lakuda, lalikulu ngati chikopa cha mbuzi, la zaka makumi anayi za kudontha pamalo amodzi. Tinalikwecha ndi sopo, tinalithira mankhwala ochokera ku sitolo, tinalikwechanso ndi burashi yawaya mpaka mikono kuwawa. Likauma linkabwerera momwemo.

Wogulitsa nyumba, mzungu, anafika ndi tayi wake, kuzungulira, n'kuima pa bangalo. Anati eni atsopano akufuna kusandutsa galajayo chipinda chochitira masewera olimbitsa thupi, ndiye zingakhale bwino titapeza munthu wa makina adzalipale lisanafike Lolemba. Ine ndinali nditayamba kale kufufuza nambala pa foni. Pamela anali chogwada, burashi ili m'manja, akuyang'ana pansi. Anaiponya m'ndowa, kuimirira, n'kundigwira dzanja kuti ndibweze foni m'thumba. Sanayang'ane mzunguyo. Anayang'ana ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni anayankhula m'Chichewa, chopindika koma chomveka.

"Lisiyeni. Akalifuna achotse okha."